Achimwene ndi Foni ya Anesi

Achimwene anga ankagwira ntchito kufakitale ya tiyi, mbali imene amaumitsirako masamba. Analowa ngati wosesa, koma poti manja awo sankachedwa kumvana ndi zitsulo, amakaniko anawatenga kuti aziwanyamulira masipanala, ndipo m'kupita kwa zaka nawonso anakhala makaniko. Akabwera kumudzi Lamlungu, malaya awo ankamveka fungo la tiyi wouma ndi girisi, ndipo pakhonde pa amayi ankapezapo mawailesi a anthu atandandalika kuwadikira. Sanali olankhulalankhula. Ankatsegula wailesi, kusuzumira m'kati kanthawi, kenako n'kunena kuti, "Iyi yangodwala chimfine," mwini wake n'kuseka.

Ine ndine wopondana nawo. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pasukulu ya pulayimale ya m'malire a esiteti, ndipo ndinkakhala pamudzi pa amayi, nyumba yanga kumtunda, yawo kumunsi kwa nthochi. Bambo anali atatisiya kalekale. Bambo a ana anga ankagwira ntchito ku Limbe, n'kumabwera mwa apo ndi apo.

Matendawo anabwera mozemba. Alamu anga, akazi awo, ndiwo anayamba kudandaula kuti achimwene sakugona, amangokhala tsonga kumvetsera zinthu zimene wina aliyense sakuzimva. Kenako anayamba kunena kuti makina a kufakitale akuwatchula dzina. Tsiku lina m'dzinja, nyengo imene tiyi amachuluka ndipo fakitale sipuma, anazimitsa makina oumitsira ntchito ili m'kati, n'kuima patsogolo pake atatambasula manja, akuti m'katimo muli anthu akulira. Anzawo anawagwira, galimoto ya esiteti inawatengera kuchipatala, ndipo kuchoka kumeneko anawapititsa kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Anabwerako patapita miyezi, atanenepa, akuyenda pang'onopang'ono ngati asenza ndowa yodzadza. Ntchito inali itatha, ndipo nyumba ya kumalayini a antchito a esiteti anayenera kuibweza. Alamu anatenga mwana wawo wamkazi n'kubwerera kwawo kwa Changata. Sindinawaimbe mlandu. Anali achichepere, ndipo anali ataona zoopsa ali okha. Achimwene anabwera kwa amayi. Kwathu kuno mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba, ndiye amene ana anga akanathamangirako pa vuto lililonse. Tsopano zinatembenuka. Ine ndi amene ndinkaika mapiritsi m'manja mwa amalume a ana anga, n'kuimirira mpaka ameze.

Anthu ananena zambiri. Ena ankati ndi chamba, chikhalirecho achimwene sanasutepo ngakhale fodya wamba. Ena ankati anzawo a kuntchito anawalodza chifukwa chokwezedwa. Amalume athu anafuna kuwatengera kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, koma amayi, amene anakulira mumpingo wa Sabata, anakana m'Chilomwe, chimene ankalankhula nkhani ikafika povuta. Akulu a mpingo ankabwera kudzapemphera, ndipo mankhwala tinkakatenga kukachipatala ka kudera kwathu, kumene anesi a matenda a maganizo ankabwera kuchokera kuboma kamodzi pamwezi.

Anesiwo anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, kwawo ku Mulanje. Anali munthu wabwino, koma tsiku lawolo mzere unkafika mpaka pamtengo wa mapeyala panja. Ukalowa ankafunsa kuti, "Akugona? Akudya? Akumwa?" n'kulemba, n'kuitana wina. Ulendo wopita kumeneko unkatidyera m'mawa wonse, kudutsa m'minda ya tiyi, kutsika, kuwoloka, kukweranso. M'dzinja nthawi zina tinkafika n'kumva kuti galimoto ya anesi yakanika matope, tidzabwerenso sabata yamawa. Achimwene akabwerera chimanjamanja choncho, ulendo wachiwiri ankaukana.

Zaka zinkangozungulira. Miyezi ingapo ali bwinobwino, akupalira nandolo ndi chinangwa, kenako tulo n'kuthawa, kenako kulankhula okha, ndipo pofika poti ife tizindikire, zinthu zinali zitafika kale patali. Tinafikapo pochita kuwamanga. Sindikonda kukumbukira zimenezi. Unali m'mawa, anthu akupita kokathyola tiyi madengu kumsana, ndipo amuna a m'mudzi, omwe aja ankawakonzera mawailesi, anawagwetsa pabwalo n'kuwamanga manja ndi chingwe cha mbuzi. Atachira, achimwene sankawayang'ananso kumaso amuna amenewo. Akawaona akubwera ankalowa m'nthochi.

Mafoni a m'manja anali atayamba kufika kwathu, koma anali a akalaliki a kuofesi ya esiteti, ahedi, ndi eni magolosale. Tsiku lina la mankhwala tinapeza anesi ali ndi mlendo, mtsikana wovala magalasi wochokera kusukulu ya zachipatala ku Blantyre. Anatikhazika tonse pamabenchi, odwala ndi owadwazika omwe, n'kufotokoza kuti iye ndi anzake akuchita kafukufuku. Ankafuna kudziwa ngati foni ingathandize kuti odwala matenda a maganizo asamabwererebwerere m'mbuyo. Mayi wina anafunsa ngati foniyo imachiritsa. Mtsikanayo anati ayi, ndi yongolankhulirana ndi anesi tsiku la mankhwala lisanafike, ndipo iwonso sakudziwa ngati zithandiza, n'chifukwa chake akufufuza. Mabanja ena alandira foni, ena ayi, ndipo asankha mwa maere kuti pamapeto adzafananize. Amene sakufuna, mankhwala azilandirabe monga kale.

Maere anatigwera. Atatiitanira m'kachipinda, ine ndinatambasula dzanja kuti ndisaine, koma mtsikanayo anati, "Dikirani kaye, aphunzitsi. Nkhaniyi ndi ya bambowa." Anatembenuza mpando n'kuyang'anana ndi achimwene. "Bambo, inu mukuti bwanji? Mukakana palibe mlandu."

Panali patapita zaka tikulankhula za achimwene iwo ali pomwepo, osawafunsa kanthu. Anayang'anitsitsa kafoni kakuda kamene kanali patebulo.

"Kakazima kamamvabe?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Kakazima sikamva chilichonse."

"Mukudziwa bwanji?"

Mtsikanayo anaganiza pang'ono. "Ine za mawaya sindizidziwa. Ndikunena zimene anandiuza amene amazidziwa, ndipo ndimawakhulupirira."

"Chabwino. Achemwali akatenge. Koma kasalowe m'nyumba imene ndimagona."

Mantha awo ndinawamvetsa. Munthu wozunzika ndi mawu opanda mwini, ife tinali kumubweretsera kabokosi kotulutsa mawu a munthu wosaoneka.

Foniyo inkakhala kwanga, m'kabati ya mbale. Kumudzi kwathu netiweki kunalibe, poti tili m'chigwa. Inkapezeka pamtunda, pashedi pamene othyola tiyi amayezetsa masamba awo pasikelo. Lachinayi lililonse ndikaweruka ndinkakwera kumeneko, kaya kuli dzuwa kaya chiperoni, n'kuima pakona ya shediyo foni m'mwamba mpaka ilire. Inkabwera meseji ya mafunso: wodwala akugona bwanji, akudya, akumwa mankhwala, pali chachilendo. Ndinkayankha ndi chala chimodzi, movutikira, azimayi a madengu akundiseka kuti aphunzitsi athunthu akukanika kulemba. Pakakhala nkhani yofunika pakamwa, ndinkangofulasha, anesi n'kuimba. Batire likatha ndinkakatchajitsa kugolosale ya pamsika, kumene mwini wake anali ndi batire la galimoto.

Amayi sankaikhulupirira. Ankati mankhwala alowa bwanji m'kanthu kochepa ngati sopo wotsala. Koma Lachinayi lililonse ndikatsika ankandidikira panjira n'kufunsa kuti, "Ati chiyani anzako aja?"

Phindu loyamba ndinalimva m'miyendo. Meseji ina inati mlatho wawonongeka, anesi abwera sabata inayo, ndipo amene mapiritsi awathera anene. Athu anali otsala pang'ono. Ndinanena, ndipo anatitumizira kudzera kwa alangizi a zaumoyo amene ankayenda panjinga. Tsiku limene tikanayenda ulendo wachabe lija, achimwene anakhala akukonza khola la nkhuku.

Chinanso chimene chinasintha ndi maso anga. Podziwa kuti Lachinayi ndikafunsidwa, ndinayamba kuyang'anitsitsa. Kale ndinkangoona ngati achimwene ali bwino kapena adwala, basi. Tsopano ndinkaona za pakatikati: kuti lero asiya chakudya m'mbale, kuti dzulo anaseka ndi ana, kuti m'mawa uno atuluka mochedwa.

Pa funso lija la chachilendo, masabata oyamba ndinkangoyankha kuti palibe. Kenako tsiku lina ndinalemba kuti khosi limawauma, manja amanjenjemera, ndipo malovu amatuluka iwo osadziwa. Zimenezi tinali titazizolowera, tinkayesa ndi mbali ya matenda omwewo. Ndisanachoke pashedi, anesi anaimba.

"Aphunzitsi, zayamba liti zimenezi?"

"Kalekale, anesi. Chibwerereni ku Zomba."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Pamzere paja munthu umachita manyazi kuchedwetsa anzako."

Anesi anati, "Amenewo si matenda, ndi mphamvu ya mankhwala. Pali kapiritsi kena kamene kamathandiza. Koma mapiritsi akumwadi onse?"

Ndinati inde, poti ndinkawapatsa ndekha. Nditafika kunyumba ndinawauza achimwene zimene anesi ananena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kakachotsadi kuuma kwa khosiku, ndisiya kudyetsa nthochi." Ndi mmene ndinadziwira kuti masiku ena mapiritsi ankawabisa kunsi kwa lilime n'kukalavula kumunda. Sikunali kupanda nzeru kapena mwano. Ankangofuna tsiku loti manja awo agwire sipanala osanjenjemera.

Mwezi wotsatira anesi anachepetsa mankhwala ena n'kuwonjezera kapiritsi kaja. Posakhalitsa khosi linamasuka. M'mawa wina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudzimeta ndevu okha, kagalasi atakapanika pamtengo wa mango.

Lachinayi lina ndikukwera, ndinacheuka n'kuona achimwene akubwera m'mbuyo mwanga chapatali, m'kanjira ka m'tiyi. Ndinapitiriza kukwera. Anakaima pamtengo wa bulugama, poti n'kuona koma osayandikira. Anachita zimenezi kangapo. Tsiku lina anesi ataimba, ndinadina pamene mtsikana uja anandisonyeza kuti mawu azimvekera panja.

"Bambo ali bwanji, aphunzitsi? Khosi lija?"

Achimwene anafika pafupi, nkhope ili gwa, n'kundigwira mkono.

"Achemwali, nanunso mukumva?"

"Ndikumva."

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa za khosi lanu."

Anatembenukira kwa mayi wina amene anakhala pambali pa dengu lake kudikira sikelo. "Mayi, inu mwamva?"

"Ndamva, bambo. Akuti khosi."

Dzanja lawo linamasuka pamkono wanga. Anawerama pang'ono monga timachitira polonjera akulu, n'kulankhula kufoniko. "Khosi lili bwino, anesi. Zikomo. Kaya inu kubomako?"

Anesi anaseka ndi mawu awo aakulu aja. "Tili bwino, bambo. Lero ndiye ndamva kwa eni ake."

Potsika anandifotokozera, koyamba chiyambire kudwala, mmene mawu aja amamvekera. Anati samveka ngati maganizo. Amamveka ngati munthu waima kuseri kwa khutu, nthawi zina awiri akukangana za iwo. "Chopweteka n'choti ukafunsa anzako amati palibe, ndiye umaona ngati onse apangana kuti akunamize. Koma awa a mufoni tonse tamva chimodzimodzi." Ndinkayenda patsogolo poti kanjirako n'kopapatiza, ndipo ndinayamika kuti sakuona nkhope yanga.

Patapita masiku anapempha kuti aione foniyo. Anakhala pakhonde panga, anatsegula kumbuyo kwake ndi chikhadabo, anachotsa batire, n'kuiika pakhutu. Anabwezera, inayaka. Anachotsanso, inazima. "Mtsikana uja sananame," anatero. Kuyambira pamenepo ndiwo ankapita nayo kokatchajitsa, ndipo ankachedwa kumeneko, akuonerera mwini golosale akulimbana ndi mawaya, mpaka tsiku lina anamupempha kuti awalole kumuthandiza kulumikiza.

Chiyeso chenicheni chinabwera dzinja lotsatira. Nyengo imeneyi inali yoopsa kwa achimwene, mwina chifukwa fakitale imalira osalekeza, ndipo mphepo ikaomba chakuno phokoso lake limafika m'chigwa mwathu. M'mawa wina kuli mvumbi, ndikukonzekera zopita kusukulu, ndinamva kugogoda. Anali achimwene, atafunda thumba la feteleza, maso ali psuu.

"Achemwali, tiyeni kusikelo. Ayambanso."

"Ndani?"

"Aja. Adakali patali, akungonong'ona. Koma tulo ndatisowa masiku angapo tsopano, ndipo ndikudziwa kumene zikupita. Sindikufuna chingwe."

Ndinapempha mphunzitsi mnzanga amene ankadutsa kuti akandinenere kwa ahedi. Amayi atamva anafunda chitenje china n'kunena kuti nawonso apita, ngakhale mawondo awo sankagwirizana ndi chitunda chimenecho. Tinakwera pang'onopang'ono, njira ikuterera. Pashedi netiweki inkabwera n'kuthawa. Silinali Lachinayi, ndipo sindinkadziwa ngati anesi ayankha. Ndinafulasha, tinadikira. Othyola tiyi anali m'minda atavala mapepala apulasitiki, mitu yokha ikuoneka mu nkhungu. Achimwene ankayendayenda m'shedimo akupukusa mutu ngati akuingitsa ntchentche. Ndinafulashanso. Amayi anakhala pathabwa n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Foni italira, achimwene anaitenga m'manja mwanga. Anafotokoza okha, mwatsatanetsatane, monga ankafotokozera vuto la makina: pamene tulo tinathera, zimene mawuwo akunena, ndiponso kuti mapiritsi sanadumphitse. Anesi anafunsa ngati mawuwo akuwauza kuti adzipweteke kapena apweteke wina. Anati ayi, akungowanyoza. Kenako anesi anandiuza mmene ndiwapatsire mankhwala tsikulo, n'kunena kuti mawa lake galimoto yawo idutsa pamphambano ya ku Makwasa popita kuchipatala china, tikawadikire pamenepo.

Asanadule anapempha kulankhula ndi amayi. Amayi anali asanagwirepo foni. Anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi khutu, koma atamva Chilomwe chikutulukamo anaiyandikiza. Sindinamve zonse. Ndinangoona akuvomera, kenako misozi ikutsika, kenako akuseka. Potsika anandiuza kuti anesi anawafunsa ngati iwowo amagona. "Ndawauza zoona," anatero amayi, "kuti chibwerereni mwana wangayu ndimagona nditavala, kuopa kuti angatuluke. Ndiye akuti ndizivula, tilipo ambiri omuyang'anira tsopano."

Mawa lake achimwene anadzuka okha, anasamba, anavala malaya awo a pa Sabata, ndipo tinayenda mpaka pamphambano. Galimoto inachedwa, koma inabwera. Anesi anawabaya jakisoni m'galimoto momwemo, chitseko chili chotseka, ogulitsa nthochi pamsewupo osadziwa n'komwe chimene chikuchitika. Sabata imeneyo inali yowawa. Ndinkakwera chitunda tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina ndinafulasha mpaka kutopa, anesi osaimba, poti anali ndi odwala ena. Ndinatsika nditakwiya, ngakhale ndinkadziwa kuti nawonso ndi munthu mmodzi. Koma mawu aja anazilala pang'onopang'ono, tulo tinabwerera, ndipo m'mudzi simunamveke kanthu.

Atapezako bwino, achimwene anandifunsa ngati foniyo ingagwire ntchito ina yosakhudza matenda. Anali atapeza nambala ya mlongo wa akazi awo aja, ndipo anagula mayunitsi okha atakonzera munthu njinga. Ankafuna kulankhula ndi mwana wawo, amene anasiyana naye akuyamba kumene sukulu. Ndinawaperekeza kusikelo n'kukaima patali. Ndinangomva mbali yawo.

"Ndine bambo ako. Eya, omwe aja. Ndili bwino tsopano. Uli sitandade chani?" Anamvetsera nthawi yaitali. "Masamu akukuvuta? Nanenso ankandivuta, mpaka nditayamba kuyeza zitsulo."

Tchuthi chotsatira mwanayo anabwera kudzacheza, alamu atamuperekeza mpaka pamsika.

Kafukufuku anatha patapita chaka ndi miyezi. Mtsikana wa magalasi anabwera kunyumba ndi kachipangizo kojambulira mawu, n'kukhala nafe pamkeka. Anafunsa zabwino, ndinamuuza. Anafunsa zovuta, ndinatchula chitunda ndi tsiku lija anesi sanaimbe. Atafika kwa achimwene, iwo anati, "Ndinene zoona?"

"N'zimene ndabwerera, bambo."

"Mafunso anu ankapita kwa achemwali. Akugona, akudya, akumwa, ngati mukufunsa za khanda. Wodwala ndine, ndipo kuwerenga ndimatha. Chinanso, simunafunsepo ngati ndili ndi chochita. Munthu ukhoza kugona, kudya, kumwa mapiritsi, koma dzuwa n'kumakulowera uli pakhonde."

Mtsikanayo anati zachiwirizo anazimvanso kwa ena, ndipo azitengera kwa anzake. Za mafunso anati anasankha achibale chifukwa odwala ambiri poyamba ankaiopa foni.

Achimwene anamwetulira. "Zoona. Poyamba ndikanakuthamangitsani nayo. Koma munthu sakhala pamodzimodzi. Mukanadzafunsanso pakati."

Patapita nthawi anatiitana kuchipatala kudzatiuza zimene anapeza, mabanja a foni ndi opanda foni pamodzi. Sananene kuti apeza chozizwitsa. Anati zikuoneka kuti zinathandiza kuti anthu asaphonye mankhwala ndiponso kuti anesi amve msanga zinthu zikayamba kusokonekera, koma mabanja amene munalibe wodziwa kuwerenga, kapena okhala kutali ndi netiweki, sanapindule kwenikweni. Anatinso zonsezi zinatheka chifukwa mbali inayo kunali munthu woyankha. Mayi wina wa gulu lopanda foni anaimirira n'kunena kuti iye mwana wake anamumanga chaka chomwecho. Mtsikanayo anapepesa, n'kufotokoza kuti popanda mabanja ngati lawo sakanadziwa ngati foni ikuthandizadi. Mayiyo anakhala pansi, koma sindikhulupirira kuti mtima wake unakhala pansi. Potuluka ndinamulongosolera kumene ndimakhala, kuti akafuna foni azibwera.

Mafoni anatisiyira, koma meseji za Lachinayi zinatha. Anesi anati, "Nambala yanga ndi yomweyi. Mukafulasha ndiimba ndikapeza mpata, koma musandikwiyire ndikachedwa." Ndinaopa kuti tibwerera kumene tinachokera. Sizinatero. Achimwene anadzadwalanso kwambiri pamene amalume athu anamwalira, ndipo ulendo umenewo anapitadi ku Zomba. Koma anakwera galimoto okha, chikwama chili m'manja, ndipo sanakhalitseko.

Mwini golosale uja anawapatsa achimwene kakhonde kam'mbali. Anayamba kutchajira anthu mafoni, kukonza mawailesi ndi njinga. Mafoni anachuluka mofulumira, moti azimayi omwe ankandiseka pasikelo aja anali nawo awoawo, atawamangirira pansonga ya chitenje. Tsiku lina ndili pomwepo, mmodzi wa amuna amene anawamanga aja anafika ndi wailesi m'khwapa. Anaima kanthawi osadziwa poyambira. Achimwene anamuyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Ikani apo, mudzaitenge Lachiwiri. Kunyumba ali bwanji?"

Chakumapeto kwa zaka zimenezo anandiuza kuti andisamutsira kusukulu ina cha kwa Nchilamwela, kukakhala wachiwiri kwa ahedi. Ndinaganiza zokana. Ndinapita kukawauza achimwene pakakhonde pawo, ndipo ndinawapeza akumata chubu cha njinga.

"Ndikufuna ndikawauze kuti sinditha," ndinatero.

"Chifukwa cha ine?"

Ndinavomera ndi mutu.

Anaviika chubucho m'beseni la madzi, akuyang'ana ngati patuluke thovu. "Achemwali, pitani. Amayi ndiziwaona ine. Tsiku la mankhwala ndimalidziwa, nambala ya anesi ndinailoweza. Mukakhala chifukwa cha ine, ndiye kuti ndikudwala tsiku lililonse, ngakhale masiku amene ndili bwino."

"Nanga akayambanso aja?"

"Adzayamba. Ndikadzawamva ndidzanena, kwa anesi ndi kwa inu. Kwa Nchilamwela si kunja."

Ndinalingalira kwa masabata, ndinakambirana ndi amayi ndi bambo a ana anga, ndipo ndinavomera. Foni ija ndinawasiyira, ine n'kugula yanga.

Tsiku losamuka kunali chiperoni. Achimwene ndi alamu awo, bambo a ana anga, ananyamula mipando ndi matumba kukweza mulole, ndipo amayi anatipatsa phava la nthochi ndi nyemba za kalongonda zophika kale zoti tidye panjira. Achimwene anakwera nafe kumbuyo, atakhala pathumba la chimanga, ana atawatsamira. Titafika pamsika anamenya bodi ya lole kuti dalaivala aime. Anatsika, anandigwira dzanja, n'kunena kuti ndikafika ndiwadziwitse. Pakakhonde pawo panali pataima kale mayi wina ndi njinga yophwa tayala. Lole isananyamuke n'komwe, iwo anali atagwada kale pambali pa njingayo, akufunsa mayiyo kuti wapondera pati minga.